Njati Pamtengo Wake

Kalekale, koma si kale la makolo athu ayi, ndikunena kale la dzana lomweli, m'mapiri a ku Neno munkakhala bambo wina dzina lake Jailosi. A Jailosi analibe ng'ombe, analibe golosale, ndipo munda wawo unali wongochotsera manyazi. Chuma chawo chonse chinali galimoto imodzi yokalamba, ya mtundu uja wokoka ndi matayala onse anayi, umene anthu amati folobayifolo. Anaigula itatopa kale m'manja mwa anthu ena. Anthu a m'mudzimo anaitcha Njati chifukwa cha mphuno yake yophwatalala ndi mtima wake wosagonja.

Mvula ikagwa, malole akamira m'matope mpaka m'khosi, Njati ndiyo inkatsitsira mbatatesi ndi manachesi kumsika. Inkakweza feteleza, inkathamangitsira odwala kuchipatala, inkanyamula akwati, ndipo maliro akachitika inkanyamulanso bokosi. Inkatsokomola m'mawa uliwonse ngati nkhalamba yosuta chingambwe, koma sinagonepo panjira.

A Jailosi ndi akazi awo a Nangozo anali ndi ana atatu. Woyamba anali Velina, mayi wofatsa koma wouma mutu, amene anakwatiwa n'kumanga pafupi ndi makolo ake. Wachiwiri anali Lufeyo, wokonda nsapato zopolisha, amene ankagwira ntchito pamalo ena ogulitsira magalimoto akale ku Blantyre. Chitsirizira anali Dalesi, amene anakana mtondo ndi munsi ali wamng'ono n'kusankha sipanala, ndipo anakulira m'galimotomo pambali pa bambo ake mpaka anadziwa kuiyendetsa kuposa amuna ambiri.

Tsono mumve bwino apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. A Jailosi anali ndi zizolowezi zawo. Akaweruka, Njati ankaiimika pansi pa mtengo waukulu wa mbawa umene unali pabwalo pawo, osati pena paliponse. Munthu akabwera kudzawanyengerera kuti amugulitse galimotoyo, ankaseka n'kunena kuti, “Pitani bwino, iyi sinafike pamtengo wake.” Ndipo popeza buleki ya pamanja inafa kalekale, ankayenda ndi chipika cha muwanga chimene anachisema okha, chosongoka mbali imodzi. Akaima pachitunda ankakuwa kuti, “Mtengo!” ndipo Dalesi ankadumpha n'kuchilowetsa kumbuyo kwa tayala.

Tsiku lina a Jailosi anadwala matenda aja osabwerera. Ataona kuti ulendo wakwana, anaitana ana awo onse atatu, nayang'ana padenga kwa kanthawi, kenako anati, “Ana inu, Njati musaigawane. Amene adzaisunge pamtengo wake, ndiye mwini wake.”

Onse atatu anagwedeza mitu. Palibe amene anafunsa kanthu, pakuti aliyense anaona ngati mawuwo ndi oyera ngati dzuwa la masana. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma phula ili linatenga zaka kuti limveke m'kamwa.

Velina anatuluka m'nyumbamo akulira, koma pansi pa misozi yake panali kachimwemwe. Anayang'ana mbawa ija, nayang'ana Njati ili phee pamthunzi, n'kunena mumtima kuti, “Bambo andisiyira ine. Amene amasesa pansi pa mtengo uwu ndani? Amene amakhala pakhomo pano ndani?” Ndipo poti anali munthu wabwino mtima, sanafune kuwawitsa mitima ya abale ake powauza. Dalesi akabwera m'mawa kudzaliza galimoto kuti apite kumsika, Velina ankangoti, “Pita mng'ono wanga, koma ibwere idzagone pamalo pake.” Dalesi ankayankha kuti, “Musadandaule achemwali,” ndipo Velina ankadziyamikira yekha kuti ndi mwini katundu wosaumira. Sankadziwa kuti Dalesi naye ankachoka akudziyamikira chimodzimodzi.

Zinthu zinkayenda bwino. Masana Velina ankakhala pansi pa mbawa kutongola chimanga, madzulo Njati inkabwera ikununkha dizilo ndi fumbi, ndipo fungo limenelo linkamukumbutsa malaya a bambo ake. Mtima wake unkakhala m'malo.

Koma amuna ake a Velina, a Sikelo, mbawa ija ankaiyang'ana ndi maso ena. Ocheka matabwa anali atawanong'oneza kale kuti mtengo ngati umenewo ungatulutse zitseko za mudzi wonse. Choncho anamanga shedi yokongola ya malata kumunsi, pafupi ndi dimba, nati, “Mayi, galimoto yolemekezeka ngati iyi izigona m'nyumba. Onani mmene mbalame zikuinyerera. Mtengowu tiucheke.”

“Muyambe mwacheka ine,” anatero Velina, osadzutsa n'komwe mutu pa lichero lake.

Chaka chimenecho mvula inabwera ngati yakwiyira munthu. Inagwa usana ndi usiku osapumira, mpaka Dalesi yemwe anati, “Achemwali, mipando ikuvunda. Tiyeni tiilowetse m'shedi ya alamuyi mvula ikadutse.” Velina sanakangane naye. Anangopita kukatenga tcheni cha ngolo, nazunguliza pa thunthu la mbawa ndi pachitsulo cha kutsogolo kwa Njati, natseka ndi loko, kiyi n'kumanga pa nsonga ya chitenje chake. A Sikelo anamunena kuti ndi wamisala, ndipo kunena zoona, amene akanamuona tsiku limenelo atanyowa chonchija akulimbana ndi tcheni sakanawatsutsa.

M'mawa mwake phiri linayamba kung'ung'udza. Anthu anathawira kutchalitchi kumtunda, ndipo ali komweko anaona napolo akutsika, matope, miyala ndi mitengo zikugubuduzika pamodzi. Palibe munthu amene anafa, Mulungu anachitira chifundo. Koma atabwerera anapeza shedi ya a Sikelo kulibe, ngakhale lata limodzi loti n'kuloza. Dimba kulibe, minda yakokoloka. Mbawa yokha ndiyo inaima pomwepo, mizu yake itagwira nthaka, ndipo Njati inali itapendekeka, matope mpaka m'zitseko, tcheni chitakungika ngati chingwe cha mbuzi imene yaona chimanga. Velina anakumbatira thunthu lija n'kulira mokweza kuti, “Bambo, ndaisunga!” A Sikelo nkhani ya matabwa sanaitchulenso.

Napolo akadutsa, njala imabwera pambuyo pake. Nkhokwe zinauma, ana anayamba kugona msanga. Njati inali chikhalire ndi matope m'mimba, ndipo Dalesi ankaimasula pang'onopang'ono, kutsuka chitsulo chimodzichimodzi n'kumayala pamphasa. Ndi nthawi imeneyo pamene kunafika mkulu wina wa chigayo wa ku Mwanza. Iyeyu sankafuna galimoto yonse ayi. Ankafuna injini yokha kuti ikayendetse chigayo chake, ndipo analonjeza matumba a chimanga okwanira kufikitsa banja lonse pa masika.

A Sikelo anati, “Mayi, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ana adya zitsulo kodi?”

Velina anaganiza mofatsa, napeza khomo lotulukira. Bambo anati isachoke pamtengo wake, koma za matumbo ake sananenepo kanthu. Thupi likhala pomwepa pamthunzi, ana adya, mawu a malemu sanaphwanyidwe. Dalesi analira, napempha, koma mawu a chitsirizira salemera pa nthawi ya njala. Anangozemba n'kukwera pachulu pamene foni imagwira, naimbira achimwene ake.

Tsiku lochotsa injini, amisiri atatsegula kale boneti n'kukoleka unyolo wokwezera pa nthambi ya mbawa yomweyo, kunamveka kabaza akubwera mwaliwiro. Anatsika Lufeyo, nsapato zake zopolisha zija zitasanduka zofiira ndi matope.

“Tsekani boneti imeneyo!” anakuwa asanapereke n'komwe moni. Kenako anatembenukira kwa Velina. “Achemwali, mwapenga? Mukufuna kugulitsa ng'ombe ya mkaka pamtengo wa chikopa?”

“Usandilalatire pakhomo panga, Lufeyo. Iweyo kutauniko ukudya. Kuno ana akugona ndi madzi m'mimba.”

Lufeyo anatsitsa mawu, nakhala pa bampala. “Pepani achemwali. Koma tandiuzani, pamsika nkhuku yodula ndi iti, yachizungu kapena yachikuda?”

“Yachikuda. Amene sadziwa zimenezo ndani?”

“Chifukwa chiyani, chonsecho yachizungu ndi yonenepa, yoyera bwino?”

“Poti yachikuda ndi yolimba, imadzifunira yokha chakudya, ndipo nyama yake imamveka m'kamwa.”

“Basi, mwanena nokha. Ine ndimaona tsiku ndi tsiku kuntchito kwanga. Magalimoto atsopanowa ali ndi makompyuta m'mimba, akangodwala kutchire amafuna dokotala wa kutauni. Koma akale ngati Njati amachira ndi sipanala ndi kawaya. Opanga ake anasiya kuwapanga, ndiye amene alipowo akusowa ngati mano a nkhuku. Magalimoto ena akamakalamba amatsika, awa akumakwera. Koma akhale ndi injini yake yobadwa nayo. Mukaichotsa, chotsala ndi khola la abakha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, achemwali. Ine ndili moyo, Njati sichoka pamtengo wake.”

Mawu otsirizawo anamukhudza Velina. Anaganiza kuti, “Taonani mlongo wangayu, akulemekeza mbawa ya bambo kuposa ine mwini wake, safuna kuti ngakhale bawuti imodzi ichoke pamthunzi.” Anachita manyazi, nabweza mkulu wa chigayo uja chimanjamanja.

Lufeyo sanathere pakamwa pokha. Atabwerera ku Blantyre anagulitsa njinga yake yamoto, wailesi, ndi suti yake imodzi yokhayo, n'kumatumiza chimanga kumudzi mpaka anthu anayamba kudya zobiriwira. Munthu wonyada uja ankapita kuntchito wapansi, nsapato zikutha zidendene, koma kumudzi palibe mwana amene anatupa miyendo.

Zaka zinadutsa, mvula inabwerera m'chimake. Dalesi anaidzutsa Njati, ikutsokomola monga kale, ndipo ndalama za mbatatesi zinayambanso kulowa. Kenako Rozina, mwana woyamba wa Velina, anapeza banja. Ukwati unali wokadalitsira kutchalitchi cha kwawo kwa mwamuna, kutsidya kwa mtsinje, ndipo kuti ukafike kumeneko unkayenera kukwera chitunda china choopsa, phompho lili kumbuyo kwako. Njati anaitsuka, naikongoletsa ndi maliboni ndi maluwa mpaka inaoneka ngati gogo wovala za mtsikana.

Lufeyo, atavala suti yobwereka, anati, “Lero ndiyendetsa ndine. Malume a mkwatibwi ndine.” Dalesi anafuna kutsutsa, koma poti linali tsiku la chimwemwe anangomupatsa kiyi, nakwera kumbuyo atavala diresi lake lonyezimira, chipika cha muwanga chija atachifungata pamiyendo. Amayi anzake anaseka. Velina anati, “Iwe Dalesi, chikuni chakudacho chidetsa velo ya mwana. Chisiye, lero lokha.”

“Chikatsala ichi, nanenso ndatsala, ndi galimoto yomwe,” anayankha Dalesi. Velina anangopukusa mutu, poti panalibe nthawi yokangana.

Anawoloka mtsinje akuimba. Atafika pakati pa chitunda, Lufeyo, amene anazolowera misewu ya tala, anachedwa kusintha giya. Njati inatsamwa, injini n'kuzima. Anaponda buleki, phazi linangolowa mpaka pansi. Galimoto inayamba kubwerera m'mbuyo, poyamba mwaulemu, kenako mothamanga. Nyimbo inasanduka mfuu. Velina anakumbatira Rozina n'kutseka maso, ndipo chimene anamva ndi chitseko cha kumbuyo chikutseguka.

Dalesi anali atadumpha. Anagwa, nadzuka, nathamanga wopanda nsapato pambali pa tayala. Anaponya chipika koyamba, tayala linachilavula. Anachitolanso, ndipo ulendo uno sanaponye ayi, anagwada n'kuchikankha ndi manja ake awiri mpaka chinaluma. Tayala linakwera pang'ono pamuwanga, galimoto inanjenjemera, n'kuima. Atatsika anapeza phompho lili pafupi moti mwala umene Lufeyo anaugunda ndi phazi unagwera pansi osamveka pofikira. Chala chamkombaphala cha Dalesi chinali chitaphwanyika, ndipo mpaka lero n'chokhota. Iye anangochikulunga ndi riboni, nati, “Achimwene, sunthani.” Anailiza, naikweza chitunda chija ngati palibe chachitika, ndipo ukwati unadalitsidwa pa nthawi yake. Anthu anavina tsiku limenelo kuposa maukwati onse, pakuti munthu amene waona manda ake n'kubwerako savina mwamanyazi.

Tsono pakati pa alendo akuchimuna panali bambo wina, a Ndovi, amene ntchito yawo inali yonyamula alendo okaona nyama kunkhalango. Anzawo akuponya ndalama pa perekaniperekani, iwo anapezeka atagona chagada pansi pa Njati, suti ili m'fumbi, akugogoda zitsulo ndi kiyi. M'mawa mwake anafika pakhomo pa Velina. Anawayalira mphasa pansi pa mbawa, nawapatsa thobwa, banja lonse litasonkhana, ndi mayi awo a Nangozo omwe.

“Ine sindizungulira,” anatero a Ndovi. “Galimoto ngati iyi ndaifunafuna mpaka kunja kwa dziko lino. Zambiri ndimazipeza ataziika injini zachilendo, zina zinadyedwa ndi dzimbiri chifukwa chongokhala. Iyi ndi yathunthu, ndipo ikuyenda.” Kenako anatchula mtengo wawo. Sindiutchula pano kuopa mungati ndikunama, koma dziwani kuti unali woti munthu n'kumanga nyumba ya njerwa zootcha, kugula chigayo, n'kutsalabe ndi zogulira kagalimoto kena konyezimira. A Sikelo thobwa linawalowa m'mphuno.

“Ndiye ndilankhule ndi ndani?” anafunsa a Ndovi. “Mwini wake ndi uti?”

“Ndine,” anayankha mawu atatu nthawi imodzi.

Anayang'anizana. Kenako onse atatu anaseka, aliyense akuganiza kuti anzakewo akuchita nthabwala. Velina ndiye anayamba kusiya kuseka.

“Ana inu, musasewere pamaso pa alendo. Bambo anati amene adzaisunge pamtengo wake. Mtengo wake si uwu tatsamirawu? Ndinakana kuti auchekere matabwa, ndinaimanga ndi tcheni. Ndikanapanda ine, bwenzi Njati ili pansi pa mtsinje pamodzi ndi shedi ya bambo a Rozinawa.”

Lufeyo anatsegula pakamwa ngati wameza fupa. “Mbawa? Achemwali, zaka zonsezi mumaganiza za mbawa? Bambo ankanena mtengo wogulitsira! Simunkawamva akubweza anthu kuti sinafike pamtengo wake? Ine ndinayenda wapansi kutauni kuti isagulitsidwe motchipa. Ndikanapanda ine, bwenzi mtima wake ukugaya mgaiwa ku Mwanza. Lero yafika pamtengo wake, ndipo waifikitsa ndine.”

Dalesi anadzuka. Anapita kumbuyo kwa galimoto, nasolola chipika chija pansi pa tayala mwala atauika m'malo mwake, nachiika pamphasa pakati pawo. Chinali chakuda ndi mafuta, chodyeka ndi matayala, chili ndi dontho la magazi ake louma. “Ine ndayenda ndi bambo kuyambira ndili kamtsikana. Mawu akuti mtengo ndawamva pakamwa pawo kuposa dzina langa. Mtengo wa Njati ndi uwu. Ankatanthauza kuti iziyenda, ndipo woiyendetsa asaiwale poiimika. Ndikanausiya dzulo monga munanenera achemwali, bwenzi lero tikulira maliro a anthu ndi a galimoto yomwe.”

Onse anatembenukira kwa mayi awo. “Amayi, inu munakhala nawo zaka zambiri. Ankanena mtengo uti?”

A Nangozo anafwenkha fodya wawo modekha, nayetsemula, nati, “Bambo anu sindinkawamva ali moyo. Ndiye ndiwamve lero ali kumanda?”

A Ndovi anafunsa ngati sangangogwirizana n'kugawana ndalamazo. Koma apo ndiye panali povuta, chifukwa malemu anati musaigawane, ndipo aliyense anali ndi pofuna kuipititsa. Lufeyo anati iye akakhala mwini aigulitsa lero lomwe, amangire mayi nyumba, chifukwa chipatso chikapsa n'kusachithyola chimagwa chokha n'kuola. Dalesi anati iye sangaigulitse, iziyendabe m'mapiri momwemo, pakuti tsiku limene mayi wapakati adzafune chipatala mvula ikugwa, nyumba ya njerwa sidzamunyamula. Velina sanafune n'kumva komwe zoti Njati ikagone pansi pa mtengo wachilendo kunkhalango ya eni ake.

Sanatukwanane ayi. Anali anthu okondana, ndipo aliyense ankadziwa mumtima kuti popanda anzake awiriwo, bwenzi palibe chokanganirana. Velina anayang'ana chala chokulungidwa cha mng'ono wake, nayang'ana zidendene zakutha za nsapato za mlongo wake, mtima wake unadzaza chikondi ndi mantha pamodzi. Sankaopa kutaya galimoto kwenikweni. Ankaopa kuti mwina zaka zonsezi, pamene ankasesa pansi pa mbawa n'kumadziona ngati mwana amene bambo anamusankha, anali asanawamve bambo akewo. Anaika dzanja pa thunthu lija ngati lingamuyankhe, koma mtengo sulankhula, ngakhale uli wa mbawa.

A Ndovi anati sakufulumira, adikira. Anawathiriranso thobwa, ndipo monga ndikunena pano akadali pamphasa pomwepo, chipika chili pakati, Njati ili phee pamthunzi ikudontha mafuta pang'onopang'ono.

Ine mlanduwu wandikulira, ndiye ndautula kwa inu. Wina anaisunga pamtengo wokhala ndi mizu, napolo n'kulephera kuitenga. Wina anaisunga pamtengo wa pamsika, njala n'kulephera kuidya. Wina anaisunga pamtengo wosema ndi nkhwangwa, phompho n'kulephera kuimeza. Tandiuzani inu amene makutu anu ndi akuthwa: a Jailosi ankanena mtengo uti, ndipo kiyi wa Njati timupereke m'manja mwa ndani?